Chenjezo kwa eni minda ndi mapuloti ku Nayuchi: musadinde chala pamawu omwe simukuwamva

Uthenga uwu ukupita kwa aliyense amene ali ndi munda, dimba kapena puloti ku Nayuchi ndi m'midzi ya m'mbali mwa njanji, kudutsa ku Liwonde mpaka ku Nkaya m'boma la Balaka. Musasaine kapena kudinda chala papepala lililonse lokhudza malo ngati pali liwu ngakhale limodzi lachingerezi lomwe simukulimva. Amene wabwera ndi pepalalo asakhale yemweyo wokumasulirani. Ngati akuti ali pachangu, msiyeni apite.

Malo a kuno ayamba kukomera anthu akutali. Sitima zonyamula malasha kuchokera ku Moatize kupita ku doko la Nacala zimadutsa pakhomo pathu, chipata cha m'malire ndi Entre Lagos ku Mozambique chilipo, ndipo paliponse pomwe pamveka mbiri ya msewu ogula malo amatsogola. Ambiri mwa iwo ndi anthu achilungamo. Koma alipo ena amene amadikira Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe zitapepuka, n'kumayenda ndi ndalama m'thumba limodzi, pepala m'thumba linalo.

Ndidaliona ndi maso anga pepala lotere. Lidali lothothola m'kope la mwana wasukulu, lopindidwa kanayi, lakuda m'mphepete chifukwa chosungidwa m'chitini. Mwini wake, mayi wachikulire, adali atapinyolitsa dimba lake la mpunga kuti apeze ndalama ya kuchipatala. Pakamwa adagwirizana kuti akadzabweza ndalamayo dimba lidzabwerera. Adam'paka inki ya bolopeni pachala chachikulu, iye n'kudinda. Patapita zaka ziwiri adapita ndi ndalama zija zitakwana, koma wopereka ndalama adamuuza kuti dimbalo adagulitsa kalekale. Pamwamba pa pepala padalembedwa mawu awiri, sale agreement, ndiko kuti mgwirizano wogulitsana. Liwu loti pinyolo silidalembedwe paliponse. Mboni ziwiri zomwe zidasaina zidali abale a wopereka ndalama uja.

Pinyolo ndi liwu lomwe tidabwereka kwa Apwitikizi, iwo amati penhor, ndipo tanthauzo lake nlakuti katundu akadali wanu, wangogwiridwa mpaka mutabweza ngongole. Kubwereketsa munda kwa chaka chimodzi ndi nkhani ina, kugulitsa ndi inanso. Ngati mukupinyolitsa, pepala lilembedwe m'Chichewa kapena m'Chiyao, litchule ndalama, litchule tsiku lobweza, linene poyera kuti malowo sakugulitsidwa, ndipo inunso mutsale ndi lanu. Pepala likakhala limodzi lokha, lili m'manja mwa wokongoza, ndiye kuti mwam'patsa mpeni ndi nyama yomwe.

Ogula nawonso akupusitsidwa, makamaka ndi kalata ya amfumu. Kalatayo ndi umboni wothandiza, koma si title deed, chiphaso cha umwini wa malo, ndipo banki siiwerengera ngati chikole cha nyumba. Malinga ndi lamulo la malo a makolo la 2016, lotchedwa Customary Land Act, nkhani zogawa ndi kulembetsa malo a m'mudzi zimadzera ku komiti ya malo. Wapampando wake ndi agulupu, ndipo pamakhala anthu ena 6 osankhidwa ndi mudzi, osachepera atatu mwa iwo amayi. Munthu kapena banja likalembetsa malo ake kudzera m'njira imeneyi limalandira chiphaso cha customary estate, umwini wopanda malire a zaka womwe ana angathe kulowa. Lamulo lomwelo lidaletsa kugulitsa malo otere kwa anthu a kunja kwa banja m'zaka zisanu zoyamba chilembetsereni. Ndiye wina akakuonetsani chiphaso chatsopano, inki isanaume, n'kumati mugule lero lomwe, yambani mwakafunsa kwa mlembi wa za malo kapena ku ofesi ya malo kwa DC. Malamulowa adasinthidwanso mu 2022, ndipo chimodzi mwa zomwe zidakhwimitsidwa ndi kugulitsa malo kwa anthu omwe si nzika za Malawi. Kuno kumalire, komwe mlamu wanu akhoza kukhala wa tsidya lina, nkhani imeneyi si yongoimvera pawailesi.

Liwu lina lomwe likuzunguza anthu ndi lizi. Munthu akati malo anga ndi a lizi, ambiri amamva ngati ndi ake mpaka muyaya. Ayi. Lizi ndi kubwereka malo kwa zaka zowerengeka, kawirikawiri 99 pa puloti yomangapo nyumba ndi 21 pa minda yambiri ya esiteti, ndipo chaka chilichonse mwini lizi amalipira ground rent, ndalama ya lendi ya nthaka, ku boma. Mukagula malo a lizi mwagula zaka zotsalazo basi, pamodzi ndi ngongole ya lendi ngati mwini wake sadali kulipira. Funsani kuti lizi idayamba chaka chanji, ndipo muone malisiti. Umwini wopanda malire a zaka pa malo omwe si a makolo ndi freehold, ndipo wambiri uli m'maesiteti akale ndi m'mizinda. Wokuuzani kuti kamunda ka m'mbali mwa dambo la Chilwa ndi ka freehold ayenera kufunsidwa kawiri.

Pali mapepala ena awiri omwe madobadoba amakonda kukupiza pamaso pa anthu. Loyamba ndi offer letter, kalata yonena kuti boma lavomera kukupatsani lizi mukakwaniritsa zofunika zina. Imeneyo ndi chiyambi chabe cha ulendo. Lachiwiri ndi deed plan, mapu a malo ojambulidwa ndi wopima malo n'kuvomerezedwa ku ofesi ya Surveyor General. Mapu amaonetsa pomwe pali mabikoni ndi kukula kwa malo, koma paokha sanena kuti mwini wake ndani lero. Chonena zimenezo ndi official search: mumapereka nambala ya malowo ku ofesi ya kaundula wa malo, kwa ife kuno ndi ku Blantyre, mumalipira kandalama kochepa, ndipo amakuuzani dzina la mwini wake, ngati malowo ali pachikole, ndiponso ngati pali caution, chiletso chomwe munthu amaika m'kaundula kuti malo asasinthidwe dzina iye asanamvedwe. Ndikudziwa kuti ulendo wa ku Blantyre umadya ndalama. Koma uwerengereni pamodzi ndi mtengo wa njerwa ndi malata omwe mungadzasiye pa malo a mwini.

Tsono za ngongole. Mortgage, kapena charge pa malo olembedwa pansi pa Registered Land Act ya 1967, ndi kuika nyumba kapena malo pachikole ku banki. Mumakhalabe m'nyumbamo, koma simungaigulitse popanda banki kuvomera. Mukalephera kubweza, banki imakupatsani chidziwitso cha miyezi itatu, kenaka ili ndi mphamvu yogulitsa. Kalata ya chidziwitso imeneyi musaibise pansi pa mphasa poopa akazi anu kapena amuna anu. Masiku amawerengedwabe.

Choopsa kwambiri m'nkhani za ngongole, kwa ine, ndi liwu loti guarantor. Mnzanu amabwera madzulo, wofatsa, n'kunena kuti achimwene tangondisainirani apa ngati mboni. Mboni imangochitira umboni kuti idaona munthu akusaina, ilibe ngongole. Guarantor ndi munthu amene walonjeza kuti wokongolayo akalephera, adzabweza ndi iyeyo, ngakhale zitatengera kugulitsa katundu wake. Mawu awiriwa amakhala moyandikana pafomu, mizere yake yofanana. Yang'anitsitsani mzere womwe akukulozerani. Chimodzimodzi power of attorney: ndi pepala lopatsa munthu wina mphamvu yochita zinthu m'dzina lanu, ndipo likalembedwa motambalala akhoza kugulitsa nalo malo anu inu muli ku Johannesburg kuganyu. A katapila nawo asakuopsezeni kuti khoti silingakumvereni. Lamulo la Loans Recovery Act limalola khoti kuunikanso ngongole ya chiwongoladzanja chankhanza.

Kwathu kuno, pakati pa Ayao, Alomwe ndi Anyanja, minda yambiri imayenda kuchikazi. Mkamwini amalima, koma munda ndi wa mbumba. Mukamagula kwa bambo yekha, mkazi wake kulibe, mwinimbumba sakudziwa, dziwani kuti mukugula mlandu. Malo a munthu womwalira nawonso ali ndi njira yake. Pa malo olembedwa m'kaundula, wogulitsa aonetse letters of administration, chilolezo cha khoti choyendetsera chuma chamasiye. Kulanda chuma chamasiye ndi mlandu pansi pa lamulo la 2011 la Deceased Estates.

Amene mudasamukira m'maboma a Machinga ndi Balaka kudzera m'ndondomeko ya Kudzigulira Malo, yomwe idayamba mu 2004, kumbukirani kuti mapepala a umwini adalembedwa m'dzina la gulu, osati la munthu mmodzi. Wogula gawo la membala mmodzi kuseri sadzapeza dzina la womugulitsayo m'kaundula. Malo oyandikana ndi njanji ndi a boma, palibe mfumu kapena munthu amene angakugulitseni. Ndipo tsidya lija la Entre Lagos malamulo ndi ena: ku Mozambique nthaka yonse ndi ya boma, siigulitsidwa, chomwe munthu amakhala nacho ndi chilolezo chogwiritsa ntchito chotchedwa DUAT. Ndalama yomwe mungapereke pogula munda kumeneko ilibe pepala loiteteza.

Ngati mudadinda kale chala ndipo mtima ukukayika, musadikire kuti mwini pepala ayambe kukhoma zikhomo m'munda mwanu. Pemphani kope la pepalalo, kapena lijambuleni pafoni. Pitani nalo kwa munthu wodziwa kuwerenga amene alibe gawo m'nkhaniyo, mphunzitsi kapena mlangizi, akuwerengereni liwu ndi liwu. Kenaka kadziwitseni agulupu ndi komiti ya malo, ndipo ngati sizikutheka, lamulo lidaika bwalo la milandu ya malo pa mfumu yaikulu ndi lina paboma. Amene mulibe ndalama ya loya, ofesi ya Legal Aid Bureau ku Zomba imathandiza osowa. Popita kumeneko tengani chiphaso chanu cha unzika, lisiti lililonse lomwe muli nalo, ndi maina a onse omwe adalipo tsiku lodinda chala lija.