Kudutsa si kufika: mizinda itatu yoti muibwerere

Aliyense amene anayendapo pa basi kuchokera ku Nsanje mpaka ku Karonga amadziwa mmene msewu wa M1 umafoolera munthu. Msana umauma, foni imathima musanafike n'komwe pa Jenda, ndipo mukabwerera kwanu zomwe mumakumbukira ndi madepoti, marodibuloko ndi tchipisi cha pachiwaya. Wina akakufunsani kuti ku Mzuzu kuli bwanji, yankho lanu n'lakuti "kumazizira", basi.

Ulendo wautali umangokulawitsani. Ndalama zoyendera masiku ano n'zosowa, ndiye mukazipezanso musathamangenso dziko lonse. Sankhani malo amodzi, mukakhaleko masiku atatu. Ine ndingabwerere ku malo atatu awa.

Koyamba ndi ku Karonga. Ambiri amangodutsa pothamangira kukaoda katundu ku Tanzania kudzera pa Songwe, osadziwa kuti m'tauni momwemo muli nyumba yosungiramo zinthu zakale yomwe ikuonetsa mafupa a Malawisaurus, chinyama chachikulu chomwe chinkakhala kuno zaka mamiliyoni ambiri zapitazo. Komwekonso kuli manda a asilikali omwe anafa pankhondo ya pakati pa Angerezi ndi Ajeremani mu 1914. Mukatopa ndi mbiri, nyanja ili pafupi, ndipo mpunga wa Kilombero mumaudyera kwawo kwenikweni. Kumatentha zedi, choncho yendani m'mamawa.

Kachiwiri ndi ku Mzuzu. Mzindawu ndi wachichepere: unakula chifukwa cha minda ya mitengo ya tung m'zaka za m'ma 1940, n'kudzalandira ulemu wa mzinda mu 1985. Ubwino wake ngwakuti sufuna chikwama chonona. Pakati pa tauni mumazungulira wapansi kapena pa kabaza, khofi wa m'mapiri a kumpoto mumamwa pomwepo, ndipo Nkhata Bay ili pamtunda wosakwana makilomita 50. Mutha kudzuka mutavala juzi, masana n'kukhala mukusambira m'nyanja. Phunzirani kunena "monire" ndi "yewo" musanapite. Chitumbuka chanu chikhale chophotchoka bwanji, anthu amakulandirani mosiyana.

Kachitatu, komwe mtima wanga uli, ndi ku Zomba. M1 sadutsa kumeneko. Mumatenga msewu wa M3 kuchokera ku Blantyre, n'chifukwa chake apaulendo ambiri amakuphonya. Zomba inali likulu la dziko mpaka 1975, ndipo nyumba zakale za boma zidakali m'tsinde mwa phiri. Kwerani phirilo pang'onopang'ono, mukugula mastiroberi ndi mabulosi kwa ogulitsa m'mbali mwa msewu nyengo yake ikakwana. Pamwamba pali damu la Mulunguzi, dzenje la Chingwe, ndi malo otchedwa Emperor's View, pokumbukira ulendo wa mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia. Kukacha bwino, nyanja ya Chilwa ndi phiri la Mulanje mumaziona muli pomwepo. Madzulo tauni imatenthedwa ndi ana a pa Yunivesite ya Malawi, ndiye wachinyamata sasungulumwa.

Mwina mukuti, "Nanga Lilongwe ndi Blantyre?" Kumeneko mudzapitabe, mufune musafune: intavyu, pasipoti, ukwati wa msuweni. Koma ku Karonga kapena pamwamba pa phiri la Zomba palibe adzakutumeni. Mukapanda kudzituma nokha, mudzakalamba mukukuonera pa Facebook za anzanu.

Pobwererapo chitani zinthu ziwiri. Pezani wa komweko woti akuyendetseni, ndipo mum'lipire bwino, chifukwa ku phiri kuli njira zosokoneza komanso nkhungu imagwa mwadzidzidzi. Kenako foni ilowe m'thumba kwa ola limodzi lokha, mukhale pansi mumsika, mumve mmene anthu akunenerera mitengo ndi zomwe zikuwaseketsa. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pawindo la basi yothamanga simungaone ngakhale nkhonoyo.