Mwini luso ndi amene wagwa pansi

CHIFUNDE – Mkangano wa masewera ogwetsana a Azungu sutha m'boma lino. Umamveka m'mabaraka a ku Cassacatiza, umamveka ku Mualadzi ndi ku N'sadzo, paliponse pamene pali jenereta kapena sola ndi kanema wa vidiyo. Masiku ano wafikanso m'mafoni a anyamata. Masewerawa ena amawatchula resiling'i, pa Chipwitikizi amati luta livre. Gulu lina likuti zonsezi ndi bodza, palibe amene amamva kuwawa. Gulu lina likuti ndi ndewu yeniyeni, ndipo amuna aja ali ndi mankhwala a m'thupi. Magulu onse awiri akuphonya, ndipo amene angapweteke nako kuphonyaku ndi ana.

Choyamba ndi ichi. Wopambana amadziwika masewera asanayambe. Izi si mphekesera. Mu February 1989 kampani ya WWF ya Vince McMahon, yomwe kuyambira 2002 ikutchedwa WWE, inauza nyumba ya malamulo ya dera la New Jersey ku America kuti zomwe imachita ndi zosangalatsa anthu, si mpikisano weniweni. Inatero pofuna kuthawa malamulo ndi ndalama zomwe boma limadula pa masewera a nkhonya. Zaka zambiri m'mbuyomo eni ntchitoyi ankabisa zimenezi. Woipa ndi wabwino sankakwera galimoto imodzi anthu akuona. Achewa sangadabwe nazo, pakuti amadziwa kuti za kudambwe saulula, ngakhale zinthu ziwirizi sizilingana ulemu wake. Tsono amene amabetcha mameticais ake pa baraka akubetchera nkhani yoti inatha kale kukambidwa.

Koma kunena kuti ndi bodza basi n'kuchepetsa ntchito. Anthu a m'malire muno amene anakula akumvera wailesi ya ku Malawi amawakumbukira Izeki ndi Jakobo. Ankakangana, ankanamizana, anthu n'kumagwa ndi phwete. Panalibe wowatcha onama. Linali sewero, ndipo sewero lili ndi akatswiri ake ndi mbuli zake. Resiling'i ndi sewero lomwe munthu amaliseweretsa msana wake.

Anthu ambiri amayang'ana womenya. Ndiye amene ana amamutchula dzina, ndiye amene chithunzi chake chili pa malaya a kaunjika. Koma ntchito yaikulu ili ndi womenyedwa. Eni ake ali ndi mawu awiri a Chingerezi. Loyamba ndi selling, kutanthauza kugulitsa. Wogwetsanayo amagulitsa ululu kwa owonerera monga mayi amagulitsira tomato pa msika. Nkhonya yangomukhudza pang'ono, iye akhwinyate nkhope, adzandire, apume movutika, mpaka munthu wokhala kumpando wakumbuyo akhulupirire. Akapanda kutero, nkhonya ya mnzake ilibe mtengo.

Apa m'pamene pamaonekera wodziwa ndi wosadziwa. Mwendo wamanzere ukapotozedwa kumayambiriro, wodziwa amatsimphina mwendo womwewo mpaka kumapeto. Akafuna kunyamula mnzake, mwendowo umamukanika. Wosadziwa amaiwala, patapita mphindi ziwiri ali kudumpha ngati mwana wa mbuzi, kapena akutsimphina wamanja. Owonerera sakhala opusa. Mtima wawo umachoka pa masewerawo nthawi yomweyo.

Ricky Steamboat ndiye ambiri amamutchula kuti anali mphunzitsi wa zimenezi. Kumapeto kwa 1986 Randy Savage anamudumphira pakhosi atanyamula belu la m'bwalo. Steamboat anagwira kholingo, maso ali tong'o, akulephera kupuma, ndipo anamutulutsa pa machira. Masabata otsatira kanema ankamuonetsa akuphunziranso kuyankhula. Anthu anamuda Savage kwa miyezi. Pofika pa 29 March 1987, pa WrestleMania III ku Pontiac, m'dera la Michigan, khamu lonse linali kudikira kubwezera, ndipo Steamboat anamulanda Savage lamba. Matikiti anagulidwa ndi khosi lija.

Usiku womwewo Hulk Hogan ananyamula André the Giant n'kumumenyetsa pansi. Olengeza ankati m'bwalomo munali anthu 93,173, ndi kuti André ankalemera mapaundi 520. Amenewo ndi makilogalamu ngati 236, pafupifupi matumba asanu a chimanga a makilogalamu 50. Aliyense amene anakwezapo matumba m'ngolo akudziwa kuti thumba silithandiza wolinyamula. André anathandiza. Wonyamulidwa amadzikankha ndi miyendo yake, amatsamira dzanja pa ntchafu ya womunyamula, amaumitsa thupi kuti lisalendewere. Munthu wa msinkhu umenewo akakana, palibe womusuntha. André panthawiyo n'kuti akuvutika kale ndi msana, komabe analola kugwetsedwa kuti dzina la mnzake likwere. Anamwalira mu 1993 ku Paris. Hogan anamwalira mu July 2025. Ana amadziwa la Hogan, la André ochepa.

Kugulitsa kukapyola muyeso kumaononganso malonda. Mu 2005 pa SummerSlam, Shawn Michaels anakumana ndi Hogan yemweyo. Kankhonya kakang'ono, iye ali kugubuduka, kudzuka, kuzungulira, kugwanso. Anthu anaseka, ndipo ambiri anaona kuti akumunyoza Hogan poyera. Ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika.

Mawu achiwiri ndi bump, ndiko kagwedwe. Apa palibe sewero. Munthu amagwadi, ndipo pansi sipadziwa kuti ndi masewera. Bwalo lija lili ndi zitsulo pansi, pamwamba pake matabwa, kenaka kamphasa kofewa kopyapyala ndi chinsalu cholimba. Limanyutuka pang'ono pakati, koma si matiresi. Wophunzira amayamba ndi kugwa, masabata ndi miyezi, asanaloledwe kugwetsa mnzake. Chibwano amachigunditsa pachifuwa kuti nkhongo isagunde matabwa. Amagwera msana wonse nthawi imodzi, makamaka chakumapewa, osati matako kapena khosi. Manja onse awiri amamenya pansi atatambasuka, mapazi ali chopondera, mpweya akuutulutsa. Potero kulemera kwa thupi kumagawanika, ndipo phokoso limakula. Phokoso lomwe limachititsa anthu kukuwa pa baraka nthawi zambiri ndi la manja a wogwayo.

Ric Flair anathyoka msana pa ngozi ya ndege mu October 1975 ku Wilmington, ali ndi zaka 26. Anabwerera m'bwalo patapita miyezi. Amene ali ndi vidiyo yake ayang'anitsitse: akaponyedwa m'mwamba amagwera chammbali, osati chagada monga anzake. Anasintha kagwedwe kuti ateteze pamene panathyoka, ndipo anagwa choncho zaka zoposa makumi atatu.

Wogwetsa nayenso ali ndi udindo. Amagwira mutu wa mnzake, amayeza pogwera, amamusiya nthawi yake. Wina akupereka khosi lake m'manja mwa wina. Ngakhale zili choncho zimalakwika. Mu August 1997 Owen Hart anamugwetsa Steve Austin chamutu, koma mutu unatsika kupyola ntchafu za Hart n'kugunda pansi. Austin anakhala kanthawi manja ndi miyendo zosagwira, ndipo khosilo linamuvutitsa mpaka analeka ntchitoyi mu 2003. Mu June 1998 ku Pittsburgh, Mick Foley anaponyedwa kuchokera pamwamba pa khola lazitsulo, mamita ngati asanu, n'kugwera pa tebulo la olengeza. Anakweranso, denga la kholalo linaboka, anagwera m'bwalo n'kukomoka, dzino lili pamphuno. Mu October 1999 Darren Drozdov anathyoka khosi, ndipo anakhala pa njinga ya olumala mpaka imfa yake mu 2023. Ku Japan kunali Mitsuharu Misawa, yemwe anzake ankamutama kuti pa kagwedwe panalibe womuposa. Pa 13 June 2009 ku Hiroshima anagwetsedwa chagada monga anagwetsedwera kambirimbiri. Sanadzuke. Anali ndi zaka 46.

Amenewa ndi amuna ophunzitsidwa, ogwera pa bwalo lokonzedwa, madokotala ali pafupi. Mwana wa ku Chifunde amagwera pa bwalo la sukulu louma gwa m'mwezi wa October, kapena pa mchenga wa kumtsinje wobisa miyala. Womugwetsa ndi mnzake wakubusa yemwe sadziwa zoti mutu umagwiridwa. Akamva akuluakulu akuti ndi bodza, amaganiza kuti sizipweteka. Akamva akuti ndi zenizeni, amaganiza kuti mwamuna weniweni amagwa chamutu n'kudzuka. Ku Florida mu 1999 mnyamata wa zaka 12 anapha kamtsikana ka zaka 6. Omuimira pa mlandu anati ankatsanzira resiling'i. Khoti linamupeza wolakwa, koma mwanayo anali atapita kale.

Pali makolo ndi atsogoleri a mipingo amene akufuna mavidiyowa aletsedwe. Nkhawa yawo ndi yomveka. Koma kanema amene ali m'thumba la mnyamata aliyense nyakwawa angamuletse bwanji? Choletsedwa chimangosamukira kuseri kwa nkhokwe, kumene kulibe wamkulu woyang'ana. Ndipo kugwetsana sikunabwere ndi Azungu. Anyamata akhala akuyesana mphamvu kubusa kuyambira kale, ndipo ku Senegal kugwetsana kwa makolo kumadzaza masitediyamu. Kusiyana kwake n'kwakuti kugwetsana kwa kubusa kumatha wina akafika pansi. Kwa m'vidiyo kumaphunzitsa kudumphira munthu wogona, kumukweza miyendo m'mwamba, kumupinda khosi.

WWE imaika chenjezo loti ana asayesere zimenezi, koma lili m'Chingerezi, ndipo mwana wa kalasi yachitatu ya ku N'sadzo akulimbana ndi Chipwitikizi chomwe. Chenjezolo liyenera kunenedwa m'Chichewa, ndipo woyenera kulinena ndi mwini baraka amene walandira ndalama pakhomo. Asanayatse kanema anene kuti anthuwa anapangana, anaphunzira kugwa, ndipo ena mwa iwo analumala. Akhoza kuimitsa chithunzi pamene André akutsamira pa Hogan, ana aone dzanja lili pa ntchafu. Makasitomala sathawa. Wodziwa chinsinsi cha kagwedwe amaonera ndi chidwi choposa, monga mmisiri wa njerwa amaonera nyumba ya mnzake. Aphunzitsi a masewera olimbitsa thupi nawo angatenge mphindi khumi kufotokoza zomwezi.

Chotsala ndi cha tsiku la ngozi. Mwana akagwa chamutu n'kunena kuti khosi likuwawa, manja achita dzanzi kapena miyendo sakuimva, asamudzutse, asamukoke manja, asamuwongole khosi. Chizolowezi chomukhazika pa njinga yamoto pakati pa anthu awiri chikhoza kumaliza chomwe kugwa kunayamba. Munthu mmodzi agwire mutu kuti usatembenuke, ena amugoneke pa chitseko kapena thabwa lalitali, amumange ndi zitenje pachifuwa, m'chiuno ndi m'miyendo, nsalu zopinda mbali zonse za mutu. Ayende naye chogona mpaka ku chipatala cha pafupi. Kuchokera ku Cassacatiza kukafika ku Hospital Provincial de Tete ndi makilomita oposa 200, ndipo thabwalo asalichotse panjira.