Penti ingadikire, yambani ndi tanki

Achinyamata ambiri mu Lusaka masiku ano asakasaka motoka zakale zimene zinagona pa miyala kuseri kwa nyumba ku Woodlands kapena ku Kabulonga, kuti azigule motchipa n'kuziukitsa. Wina afuna kashopu koyenda kogulitsiramo chipisi ndi soseji, wina yojambuliramo zithunzi pa maukwati, wina yogonamo akapita ku Siavonga. Imene ambiri aifuna ndi kombi ya Volkswagen, ya nkhope yobulungira ija. Nzeru imeneyi ndi yabwino. Koma mukamvetsera zimene eni ake akamba, mumva za penti, mipando ndi masipika. Za tanki ya mafuta, zii. Ine ndikuti tanki ndiyo ntchito yoyamba, ndipo si nkhani ya mwini motoka yekha ayi. Ikhudza onse okhala naye pa yadi imodzi.

Tiyambe ndi mmene kombi inapangidwira. Volkswagen inayamba kupanga motoka zimenezi mu 1950, ndipo yomaliza inatuluka mu fakitale ku Brazil mu 2013. Zambiri zimene tiziona kuno ndi za pakati pa 1967 ndi 1979, kutanthauza kuti yaing'ono pa zonse yapitirira zaka 40. Injini yake ili kumbuyo ndipo izizira ndi mphepo. Tanki, imene ilowa malita pafupifupi 60, inabisika patsogolo pa injini, pamwamba pa giyabokosi, kuseri kwa chitsulo chotchinga. Popeza tanki ili pamwamba, petulo itsika yokha. Kapaipi ka labala kakang'ambika ndi ukalamba, petulo idonthera pa injini yotentha, ndipo moto ukabuka tanki ipitiriza kuudyetsa mpaka itatha. Ndi chifukwa chake kombi zakale zidziwika ndi kupsa m'maiko ambiri. Mungaipake penti yokongola bwanji, ngati mapaipi ndi aja a kale, mwakongoletsa nkhuni.

Motoka ikaima zaka, petulo yotsala mu tanki iwonongeka. Isanduka yofiirira, yonanda ngati vanishi, ndipo madzi amene alowamo achititsa dzimbiri pansi pa tanki. Zonsezo zikapita ku kabureta, injini ivuta tsiku lililonse. Choncho kukhuthula tanki ndi kuitulutsa sikupeweka. Vuto lili pa mmene tichitira ntchitoyo.

Chimene ambiri sitidziwa n'chakuti choyaka pa petulo ndi mpweya wake, osati madzi amene tiwaona. Mpweya umenewu ulemera kupambana mphepo imene tipuma, choncho suuluka kupita kumwamba. Uyenda pansi, kutsata potsika, mpaka utapeza moto, ndipo motowo ubwerera nawo kumene unachokera. Manje ganizirani yadi ya ku Kabwata kapena ku Chelstone madzulo malaiti atapita. Amayi a pa khomo lina aphika pa mbaula, mwana wayatsa kandulo, wina ayatsa jenereta, wina akoka fodya pa geti. Inu mwagona pansi pa motoka, petulo itsikira mu beseni. Mbaula ija ingakhale patali mapazi khumi, koma mpweya ufikako inu osauona. Mu October, ndi kutentha kuja, mpweyawo uchuluka koposa.

Amene akayika akumbukire za ku Caphiridzange, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, mu November 2016. Anthu anaunjikana kutunga petulo pa chimotoka chonyamula mafuta, moto unabuka, ndipo anthu oposa 70 anafa. Tanki ya kombi ndi yaing'ono, koma petulo yake ndi imodzimodzi.

Pali zizolowezi zinayi zimene tiyenera kuzileka. Choyamba ndi kukoka petulo ndi pakamwa. Tinakula tikuona madalaivala achita zimenezi m'mbali mwa msewu, ndipo tiyesa ndi ukatswiri. Petulo pang'ono chabe ikalowera ku mapapo iwatupitsa, munthu n'kugonekedwa m'chipatala akulephera kupuma. Kapampu ka manja kopopera mafuta sikadula ngati tsiku limodzi pa bedi ya chipatala.

Chachiwiri ndi kusungira petulo mu chigubu cha saladi kapena m'botolo la zakumwa. Pulasitiki yotere sinapangidwire petulo, ndipo mwana akaona botolo la zakumwa aganiza kuti ndi zakumwa. Petulo isungidwa mu jerikeni yachitsulo kapena chigubu chopangidwira mafuta, chotseka bwino, kunja kwa nyumba yogonamo.

Chachitatu ndi kutaya petulo yowonongeka mu ngalande kapena pa dothi kuseri kwa chimbudzi. Mbali yaikulu ya Lusaka inakhala pa miyala ya laimu yokhala ndi ming'alu ndi mphako, ndipo m'malo ambiri madzi a pansi ali pafupi. Chimene mwathira pa dothi chitsika msanga. Madzi amene timwa mu mzinda uno sachokera ku Kafue kokha. Ambiri achokera m'maborehole ndi m'zitsime za momwemuno. Mu petulo muli benzene, mankhwala odziwika kuti ayambitsa khansa ya m'magazi. Lamulo la zachilengedwe la 2011, limene linakhazikitsa ZEMA, liletsa kutaya zinthu zoopsa chisawawa. Funsani ku ZEMA kapena ku garaji yaikulu kuti akuuzeni amene ali ndi chilolezo chotenga mafuta otere.

Chachinayi, choopsa kupambana zonse, ndi kunyamula tanki yobooka kupita nayo kwa owotcherera mageti ndi mafelemu a mazenera. Tanki yopanda kanthu ndiyo iphulika, chifukwa mkati mwake mwadzaza mpweya wa petulo wosakanikirana ndi mphepo. Kuitsuka ndi madzi kamodzi sikukwanira, pakuti petulo ibisala mu dzimbiri ndi m'mipiringidzo ya chitsulo, ndipo ikamva kutentha itulutsanso mpweya. Mnyamata wowotcherera uja angavomere chifukwa afuna ndalama ya tsiku limenelo. Koma nkhope imene ili pafupi ndi tankiyo ndi yake, si yanu. Tanki yodyeka ndi dzimbiri isinthidwe, kapena ipite kwa anthu amene ntchito yawo ndi matanki ndi marediyeta.

Nanga ntchito yabwino iyenda bwanji? Motoka ikhale panja, pamalo opita mphepo, masana, injini itazizira. Uzani aneba, mbaula zonse zichoke, ana apite kutali. Masulani waya wa negetivi pa batire musanagwire china chilichonse. Pambali pakhale chozimira moto cha ufa ndi ndowa ya mchenga. Madzi sazimitsa petulo, angoimwaza. Ngati mufuna kuunika, gwiritsani tochi, osati machesi kapena kandulo. Khuthulani kudzera pa kapaipi kotuluka pansi pa tanki, molunjika mu jerikeni, pang'onopang'ono, ndipo mukonzeretu majerikeni okwana chifukwa geji ya motoka yakale imanama. Musakhale nokha. Pa kombi zambiri za zaka zimenezi, kuti tanki ituluke injini iyenera kutsika choyamba, ndiye pafunika jeki yabwino ndi zochirikiza zachitsulo, osati njerwa zosanjikiza. Tanki ikatuluka, sinthani mapaipi onse a labala pamodzi ndi makilipu ake, ngakhale amene aoneka abwino.

Ndidziwa chimene ena ayankha: izi n'za anthu a ku Kabulonga amene ali ndi mayadi aakulu ndi ndalama ya makanika, ife tichita ndi zimene tili nazo. M'menemo muli choonadi. Ndalama ndi yovuta, ndipo kuphunzira kukonza motoka wekha ndi chinthu chonyaditsa. Koma onani ndandanda ija: kuuza aneba, kuchotsa mbaula, kumasula batire, kutunga mchenga, kuitana mnzanu. Zonsezi n'zaulere. Zogula ndi kapampu, jerikeni, mapaipi ndi chozimira moto, ndipo pamodzi sizifika pa mtengo wa penti ya motoka yonse. Komanso amene akhala mothinana ndiye ayenera kusamala koposa, chifukwa moto wake supsereza nyumba imodzi. Ngati yadi yanu ilibe malo, kokerani motoka ku garaji, mulipire tsiku limodzi.

Kwa inu amene mufuna kuphikira chipisi mu kombi, kumbukirani kuti mukuika silinda ya gasi ndi mafuta owira pafupi ndi malita 60 a petulo, pakati pa makasitomala. Ngati motokayo izingoima pamalo amodzi, chotsani tanki ndithu, isabwereremo. Ngati iziyenda, tanki ndi mapaipi zikhale zatsopano musanagule poto woyamba.

Ndiye mnzanu akakuonetsani zithunzi za kombi yake pa Facebook, muyamikireni, kenako mumufunse kuti tanki anaiona liti. Akayamba kukamba za penti, mufunseninso.