Mpheta ya Mbasela

Mateyo Woyera (10:29) akutiuza kuti m'masiku a Ambuye Yesu mpheta ziwiri zinali kugulidwa ndi kakobiri kamodzi. Luka Woyera (12:6) akunena za mpheta zisanu pa timakobiri tiwiri. Aliyense amene anagulapo tomato pa msika wa Kapata ku Chipata aona msanga cimene cacitika apa. Timakobiri tiwiri tiyenera kugula mpheta zinayi. Yacisanuyo ndi mbasela, kanthu koponyera pamwamba, kamene ngakhale wogulitsa sakawerengera. Ndipo ndi pa kambalame kameneka pamene Ambuye anaikapo ciphunzitso cao, kuti Mulungu saiwala ngakhale kamodzi.

Koma tiwerenge mosamala, abale. Ambuye sanalonjeze kuti mpheta sidzagwa pansi. Anaphunzitsa kuti ikamagwa, Atate amadziwa ndipo ali pomwepo. Kusiyana kumeneku n'kwakukulu kwa ife amene tinaona cilala ca 1992, pamene tinadya nsima ya cimanga cacikasu cocokera kunja, ndiponso ca 2024, cimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anacilengeza pa 29 Febuluwale kuti ndi tsoka la dziko lonse. Cimanga cinauma cisanabereke, ng'ombe zinaonda mpaka nthiti kuwerengeka, ndipo Akhristu ambiri anafunsa camumtima ngati wodyetsa mbalame uja anali m'tulo. Funso lotere si cimo. Yobu analifunsa mokweza kuposa ife, ndipo Mulungu pomuyankha anamuonetsa makwangwala, mbuzi za m'mapiri ndi mvuu, osamufotokozera cifukwa ca zilonda zake. Nafenso sitiyesa kufotokoza cimene Mwini wake anacisiya cobisika.

Cimene Katekisimu wa Eklezia Katolika wa 1992 akunena poyera n'cakuti Mulungu, posamalira dziko, amafuna kugwiritsa nchito zolengedwa zake zomwe. Cisamaliro cake kawirikawiri cimadzera m'manja mwa munthu. Ndiye cifukwa cake malamulo a Mose amalowa mpaka m'khola. Eksodo 23:12 akupatsa ng'ombe ndi bulu tsiku lopumula. Deuteronomo 25:4 akuletsa kumanga pakamwa ng'ombe imene ikupuntha tirigu. Ndipo pa 22:6-7 m'buku lomwelo, wopeza cisa aloledwa kutenga anapiye koma make amusiye aziuluka, kuti mawa kudzakhalenso mbalame.

Lamulo la cisali tili nalo m'Zambia muno, ngakhale lavala zina. Kuyambira pa 1 Disembala mpaka kumapeto kwa Febuluwale boma limatseka usodzi m'mitsinje ndi m'nyanja zambiri kuti nsomba ziswane. Komabe tidziwa tonse kumene maneti a udzudzu ena amathera: m'madzi, kukokolola ndi tiana tomwe. Pamenepo tataya kawiri, pakuti mwana wagona wopanda neti ndipo mtsinje watsala wopanda mbeu. Tikadzapemphera caka camawa kuti Mulungu atipatse ndiwo, adzazitenga kuti, popeza nkhokwe yake tinaipasula tokha? Cipembere ca m'cigwa ca Luangwa cinatha motero. Opha nyama mozemba anacisaka cifukwa ca nyanga mpaka mu 1998 cinalengezedwa kuti catheratu m'dziko lino, ndipo mu 2003 tinacita kulandira zina zocokera ku South Africa kuti zikhalenso ku North Luangwa.

Pali anthu ena, makamaka okhala m'mizinda, amene akamva zimenezi amathamangira mbali ina, nayamba kulankhula ngati njobvu iposa mlimi. Apa sitigwirizana nao. Mu 2022 njobvu 263 zinasamutsidwa kucoka ku Liwonde kupita ku Kasungu m'Malawi, ndipo abale athu a m'malire, ca ku Lumezi ndi Lundazi, akhala akulirira minda yao, ena akulira maliro. Mai wamasiye amene munda wake watha usiku umodzi sitingamutonthoze ndi ulaliki wa kukongola kwa cilengedwe. Ambuye amene anakumbukira mpheta ndi omwewo anati munthu aposa mpheta zambiri, ndipo Katekisimu yemwe uja, pamene akuletsa kuzunza nyama popanda cifukwa, akuletsanso kuonongera pa nyama cuma coyenera kuthandiza anthu obvutika. Woteteza njobvu ali ndi ngongole ya mpanda wolimba ndi cipepeso kwa wolima. Papa Fransisko, m'kalata yake Laudato Si' ya 2015, anaika kulira kwa dziko ndi kulira kwa amphawi pamodzi, kuti tizimva zonse ziwiri.

Nkhani zimenezi zifunika kukambidwa m'miphakati mwathu mvula isanagwe, pamene magoli akukonzedwa. Ng'ombe imene yalima masiku asanu ndi limodzi, tsiku la Mulungu timaimanganso pangolo kukatenga nkhuni, ife titacoka ku Misa, zilonda za goli zili pakhosi.