Sukulu ikalemekeza mayi wabizinesi, zisathere pa chithunzi

Atsikana anzathu, mukukumbukira tsiku lopereka mphoto kusukulu? Matenti aimikidwa, kwaya yayimba, ahedi avala suti yawo yapamwamba, kenako akuitana mlendo wolemekezeka. Ambiri mwa ife tinakula tikuona abambo okhaokha pampando umenewo: bwana wochokera ku Capital Hill, phungu, kapena m'busa. N'chifukwa chake timanyadira sukulu ikaitana mayi wochita bizinesi, n'kumupatsa ulemu pamaso pa ana onse, n'kumupempha kuti alangize ophunzira. Mtsikana wa Fomu 2 akaona mayi amene amalemba anthu ntchito ndi kuwalipira mwezi ndi mwezi, amayamba kudziona mwina.

Koma tinene zoona. Nthawi zambiri mwambowu umathera pa kuwomba m'manja. Mayi uja alankhula mphindi makumi awiri, wati "limbikirani sukulu, musataye mtima", apatsidwa chitenje ndi maluwa, chithunzi chapita pa Facebook, galimoto yanyamuka. Lolemba likafika, mtsikana uja sakudziwabe kuti mpamba woyamba unachokera kuti. Ife tikuti ulemu wotere ndi wosakwanira. Mayi akalemekezedwa, atsikana atsale ndi chogwira m'manja.

Amayi oti n'kuwaitana alipo, pompano mu Lilongwe. Mayi Rachel Sibande anayambitsa mHub zaka zoposa khumi zapitazo, malo oyamba m'Malawi osulira achinyamata pa luso la makompyuta ndi bizinesi, ndipo kumeneko atsikana akhala akuphunzira kulemba mapulogalamu. Ku Likuni, Mayi Ngabaghila Chatata a Thanthwe Farms anasandutsa ulimi wa ndiwo zamasamba kukhala kampani. Mayi Lilly Alfonso anatengera zovala zosokedwa kuno kwathu ku zionetsero za kunja. Ngakhale Mayi Joyce Banda, asanakhale mtsogoleri wa dziko mu 2012, anali ndi bizinesi yosoka zovala, ndipo ndiwo anayambitsa bungwe la amayi abizinesi la NABW.

Pempho lathu loyamba n'lakuti mayi akaimirira pagulu, anene manambala. Anayamba ndi ndalama zingati? Anazipeza kuti, ku banki mkhonde, kwa achibale, kapena anagulitsa katundu wa m'nyumba? Kubanki atapempha chikole, iye alibe malo kapena nyumba ya dzina lake, anatani? Analembetsa bwanji bizinesi kwa Registrar General, nanga TPIN ya ku MRA anaitenga liti? Kwacha itagwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo yooda itakwera usiku umodzi, anapulumuka bwanji? Anenenso za chaka chimene analuza zonse. Ana akamangomva za chipambano chokha, iwo akadzagwa koyamba adzaganiza kuti vuto ndi iwowo, kapena adzathamangira kwa akatapila.

Anenenso zija timachita nazo manyazi. Tonse tikudziwa kuti mtsikana akamafuna oda, tenda kapena ngongole, pali abambo ena amene amati "tikumane madzulo tikambirane bwino". Mayi amene anadutsamo akanena poyera mmene anakanira, mawu akewo amalemera kuposa chikwangwani chilichonse. Awauzenso kuti lamulo la Gender Equality Act la 2013 limaletsa nkhanza zoterezi, ndiponso kuti lamulo la chuma cha masiye la 2011 linati kulanda katundu wa mayi wamasiye ndi mlandu. Bizinesi zambiri za amayi zathera pa maliro a mwamuna, achibale atanyamula zonse mpaka makina osokera.

Pempho lachiwiri: tisamangosankha amene ali ndi ofesi ku City Centre ndi nyumba ya mpanda ku Area 10 kapena Area 43. Amenewo abwere, inde. Koma tsikani ku Old Town, muyende mu Malangalanga, mulowe mumsika waukulu ndi wa Tsoka. Mukapeza mayi amene amadzuka mbandakucha kukaoda tomato, wina wotsegula belo la kaunjika, wina wokatenga katundu ku Tanzania pa basi. Ambiri a ife fizi yathu mpaka ku yunivesite inachokera pa geni yoteroyo. Chodabwitsa n'chakuti mwana wa mayi ameneyu amachita manyazi kutchula ntchito ya mayi ake m'kalasi. Sukulu ikamukhazika mayiyo kutsogolo, pafupi ndi ahedi, manyazi aja amatha tsiku lomwelo. Ndipo pa nkhani yowerengera phindu, ngongole ndi katundu woonongeka, mayi wa mumsika sangagonje kwa aliyense.

Pempho lachitatu: abwerenso. Langizo la tsiku limodzi limaiwalika mayeso asanafike. Sukulu igwirizane naye kuti azibwera kamodzi pa teremu. Pa holide atenge atsikana angapo akaone mmene ntchito imayendera, makolo atavomera ndipo mphunzitsi wamkazi ali pomwepo. Mphunzitsi wa Business Studies abwereke buku lake lakale la maakaunti ngati iye walola, ana aone ndalama zenizeni zikulowa ndi kutuluka. M'mera mpoyamba.

Tikudziwa pali makolo amene amadandaula kuti mukawaonetsa ana ndalama msanga, sukulu aisiya. Nkhawa imeneyi ndi yomveka. Koma mtsikana amene amasiya sukulu chifukwa cha ndalama, kawirikawiri amakhala kuti wanamizidwa ndi mwamuna wa galimoto, osati walangizidwa ndi mayi wabizinesi. Mayi woona mtima amuuza kuti popanda masamu ndi Chingerezi sangawerenge pangano la ngongole, ndipo adzasaina chinthu chomugulitsa. Mayi Sibande aja anapita patali ndi maphunziro a makompyuta, ndipo bizinesi yawo inamera pa maphunzirowo.

Tsono ntchito ili kwa ife amene tinamaliza kale. Ambiri tili m'magulu a WhatsApp a ophunzira akale, kaya a Lilongwe Girls, Likuni Girls, Bwaila kapena sukulu yoyendera ya kwanu. Tisamangotumizamo za maliro ndi zinkhoswe. Chaka chino, mwambo wa mphoto usanafike, tilembere ahedi kalata, titchule dzina la mayi woti alemekezedwe, tiperekenso mafunso oti atsikana adzamufunse. Tidzipereke kumuperekeza akamabweranso ulendo wachiwiri ndi wachitatu.

Nanga inu asisi, mayi amene sukulu yanu yakale ikuyenera kumuitana ndi ndani? Yambani mwamufunsa iyeyo ngati angalole, kenako kagogodeni kwa ahedi.