Agogo anu anamangidwapo? Osabisa, fufuzani

Anyamata ndi atsikana a kunyanja, tamverani iyi. M'mabanja ambiri kuno muli dzina lomwe akuluakulu amalidumpha akamawerenga makolo, ati mwini wake anakhalako kundende nthawi ya atsamunda. Ine ndikuti manyazi amenewo ndi achabe. Ambiri omwe ankatsekeredwa pa boma nthawi ya Nyasaland sanali zigawenga ayi, mlandu unali msonkho wa nyumba basi. Mwera ukawomba, bwato lili pamtunda, usipa osaoneka, ndalama ya msonkho uitenga kuti? Amesinjala afika, iwe chingwe m'chiuno, uzikalambula msewu. Agogo awo a bambo anga zinawagwera zomwezi, ndinamva kwa azakhali.

Ndiye yambirani kwa nkhalamba zomwe zilipo. Funsani dzina la paubwana, la kuchinamwali, mfunda, mudzi ndi nyakwawa ya nthawiyo, poti anthu a msonkho ankalembedwa pansi pa mfumu yawo, ndipo kalaliki ankalemba dzina mmene lamvekera m'khutu mwake. Mukapita ku National Archives ku Zomba, kumbukirani kuti m'mafaelo akale Mangochi ndi Fort Johnston, Nkhotakota ndi Kota Kota. Komanso moto wa 1919 unawononga mapepala ambiri a boma ku Zomba konko, ndiye za kumbuyo kwa chaka chimenecho musadalire pepala kwenikweni.

Foni muli nayo. Bandulo yomwe mukuthera pa mpira ija, mawa mukakhale pakhonde ndi azakhali anu, muwajambule mawu. Tumizaninso ku gulu la kwanu.