Sitolo ya Mabuku Si Golosale

Alipo anthu, ndipo ena mwa iwo ndi ophunzira bwino ndithu, amene amayesa kuti sitolo ya mabuku ndi chimodzimodzi golosale. Iwo amati munthu wanzeru amalowamo atadziwa kale chimene akufuna, n'kutchula dzina la buku monga momwe atchulira shuga kapena sopo, n'kulipira, n'kutuluka. Akaona mnzawo akuchedwa pakati pa mashelefu, kutsegula buku ili n'kulibweza, kutola lina n'kuwerengako tsamba limodzi, amamutenga ngati lova wosowa chochita. Enanso masiku ano amawonjeza kuti masitolo otere adatha ntchito, popeza munthu angathe kuitanitsa buku lililonse pa intaneti ali khale pampando. Maganizo amenewa ndi olakwika, ndipo amaopsa kwambiri akalowa m'mutu mwa wophunzira wa kusekondale, amene kale lomwe amakopeka kukhulupirira kuti buku losabwera pamayeso lilibe phindu.

Mlandu wotere suzengedwa ndi mawu okha, umafuna mboni. Mboni yabwino ndi mzinda wa Paris, likulu la dziko la France, umene kwa zaka mazanamazana wakhala ukusunga masitolo ang'onoang'ono a mabuku monga momwe mudzi usungira chitsime chake. Pakati pa mzindawu pamadutsa mtsinje wa Seine. M'mbali mwake, pamwamba pa zipupa zamiyala zotchinga mtsinjewo, pali mabokosi obiriwira pafupifupi 900 amene adandandalika mtunda wa makilomita atatu. Eni ake, amene alipo oposa 200, Afalansa amawatcha bouquinistes, kutanthauza ogulitsa mabuku akale. Malondawa adayamba m'zaka za m'ma 1500 ndi anthu oyenda ndi mabuku m'misewu, ndipo kuyambira mu 1891 iwo adaloledwa kusiya mabokosi awo pachipupa usiku atawakhoma ndi maloko. Akuluakulu a mzinda sawalipiritsa lendi, koma adawaikira lamulo loti mwa mabokosi anayi a munthu aliyense, limodzi lokha ndi limene angaikemo tinthu togulitsa kwa alendo odzaona malo. Atatu enawo ndi a mabuku ndi zolembedwa zakale.

Woyenda m'mbali mwa mabokosi amenewa sadziwa chimene akapeze, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Munthu sangatchule dzina la buku limene sadalimvepo. Wolowa m'sitolo ndi kapepala m'manja amatuluka ndi zimene zili pakapepalapo basi, ndipo nzeru zake zimalekera pamene padalekera nzeru za amene adamulembera kapepalako. Koma amene amayendetsa chala pashelefu mwachifatse amapeza kuti pafupi ndi buku limene amalidziwa pali lina limene sadalilotepo. Wofuna mbiri ya nkhondo amakumana ndi ndakatulo za msilikali amene adaimenya nkhondoyo. Wofuna za ulimi amakumana ndi buku la mlimi amene adalandidwa munda. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Amene amati kuchedwa m'sitolo ya mabuku ndi kutaya nthawi sadaonepo maso a nkhono, ndipo afuna kuti ena onse asawaonenso.

Nanga intaneti? Palibe wokana kuti ndi yothandiza kwa munthu amene akudziwa kale chimene akufuna. Vuto lake ndi lakuti makina ogulitsa mabuku pa intaneti amapereka chimene wafunsa, ndipo akafuna kukuwonjezera amakulozera zimene adagula anthu ofanana nawe. Wokonda nthano zachikondi amamuunjikira nthano zachikondi mpaka kalekale. Makinawo amagwira ntchito ngati galasi loonera nkhope, pamene wogulitsa mabuku weniweni, amene wawerenga katundu wake ndipo wacheza ndi makasitomala zaka zambiri, angathe kuyang'ana mnyamata n'kumupatsa buku lotsutsana ndi zonse zimene mnyamatayo amakhulupirira. Maphunziro enieni amayambira pamenepo.

Otsutsa amanyozanso mabuku akale. Amati tsobola wakale sawawa, ndipo buku losuluka chikuto, lofiirira masamba, ndi kaunjika wamba. Iwo amaiwala kuti mabuku ambiri amasindikizidwa kamodzi kokha. Akatha m'nkhokwe, ndipo wosindikiza akaona kuti sangapindulenso nawo, amawasiya. Kuyambira tsiku limenelo bukulo limakhala ndi moyo m'manja mwa ogulitsa mabuku akale ndi m'malaibulale mokha. Wotseka masitolo otere amakwirira mabuku ali amoyo. Komanso buku logwiritsidwa kale ntchito ndi limene wophunzira wa m'thumba mopepuka angalithe. Joseph Gibert adazindikira zimenezi pamene adayamba kugulitsa mabuku akale a sukulu m'mbali mwa Seine mu 1886. Kuchokera pamabokosi akewo padabadwa masitolo akuluakulu a Gibert, kumene mibadwo ya ophunzira a ku Paris yakhala ikugulitsa mabuku a chaka chatha kuti ipeze ndalama zogulira a chaka chino. Mwambi woyenera apa si wa tsobola ayi, koma uja woti mawu a akulu akoma akagonera.

Chitsutso chachitatu chimagwera masitolo a mabuku a zinenero zachilendo. Amafunsa kuti, kodi mzinda wolankhula Chifalansa upindulanji ndi sitolo ya mabuku a Chingerezi, Chipolishi kapena Chirasha? Mbiri ili ndi yankho. Mu 1919 mayi wina wa ku America, Sylvia Beach, adatsegula ku Paris kasitolo ka mabuku a Chingerezi kotchedwa Shakespeare and Company. Iye ankagulitsa mabuku ndi kubwereketsa ena kwa alembi achinyamata osauka, ndipo mmodzi mwa obwerekawo adali Ernest Hemingway. Pamene osindikiza a ku Britain ndi America adaopa kukhudza buku la James Joyce lotchedwa Ulysses, kasitolo kameneka ndi kamene kadalisindikiza mu 1922. Ku America bukuli lidakhala loletsedwa mpaka khoti lidalimasula mu 1933, koma lero likuphunzitsidwa m'mayunivesite a dziko lonse lapansi. Sitolo ya Beach idatsekedwa mu 1941, Ajeremani atalanda Paris. Dzina lake lidaukanso mu 1964 pa sitolo ina imene George Whitman adatsegula mu 1951 moyang'anana ndi tchalitchi cha Notre-Dame. M'menemo alembi achinyamata osowa pogona amaloledwa kugona pakati pa mashelefu, malinga athandize ntchito maola ochepa, awerenge buku tsiku lililonse, ndi kulemba tsamba limodzi la mbiri ya moyo wawo.

Si Chingerezi chokha. Apolishi amene adathawa kwawo atagonja poukira ulamuliro wa Russia adatsegula sitolo yawo ya mabuku ku Paris mu 1833, ndipo chinenero chimene chinkaponderezedwa kwawo chidapeza popumira m'dziko la eni. Mu 1973 buku la Aleksandr Solzhenitsyn loulula nkhanza za m'ndende za Soviet Union, The Gulag Archipelago, lidatuluka koyamba m'Chirasha ku Paris komweko, kudzera kwa osindikiza a YMCA-Press, amene adali ndi sitolo yawo ya mabuku a Chirasha mumzindamo. Mwana wa mu Africa alinso ndi gawo lake m'mbiri imeneyi. Alioune Diop wa ku Senegal adayambitsa magazini ya Présence Africaine mu 1947, ndipo mu 1949 adayamba kusindikizanso mabuku. Mu 1954 adatulutsa buku la Cheikh Anta Diop lotsutsa bodza la atsamunda loti anthu akuda alibe mbiri, ndipo mu 1956 adasonkhanitsa alembi akuda a ku Africa, America ndi zilumba za Caribbean pa yunivesite ya Sorbonne. Sitolo ya Présence Africaine pamsewu wa rue des Écoles idasanduka bwalo lokumanirapo ophunzira a mu Africa. Zonsezi zikusonyeza chinthu chimodzi: buku likathamangitsidwa kwawo, kapena likakanidwa ndi amalonda akuluakulu, pothawira pake pamakhala kasitolo kakang'ono ka munthu wolimba mtima.

Otsutsa akasowa chonena amathawira ku malamulo a malonda. Amati ngati masitolo ang'onoang'ono akulephera kupikisana ndi akuluakulu, asiyidwe afe, chifukwa msika sunama. Koma msika umayenda motsata malamulo amene anthu amaika, ndipo maiko awiri oyandikana adaonetsa zimenezi poyera. Mu 1981 dziko la France lidakhazikitsa lamulo lodziwika ndi dzina la Jack Lang, nduna ya zachikhalidwe pa nthawiyo. Lamulolo limati wosindikiza ndiye aziika mtengo wa buku latsopano, ndipo wogulitsa aliyense, wamkulu kapena wamng'ono, asatsitse mtengowo kupitirira magawo 5 pa 100 alionse. Chifukwa chake n'chomveka. Sitolo yaikulu ingathe kugulitsa mabuku otchuka ochepa pamtengo wotsika kwambiri kuti ikope anthu, pamene sitolo yaing'ono imadalira phindu la mabuku otchukawo kuti isunge pashelefu mabuku oyenda pang'onopang'ono, monga a ndakatulo ndi a alembi atsopano. Ku Britain kudali mgwirizano wofanana ndi lamuloli kuyambira mu 1900, koma udasweka mu 1995 ndipo khoti lidauthetseratu mu 1997. Masitolo oima paokha a ku Britain ndi Ireland, amene adalipo 1,894 mu 1995, adatsala 867 pofika mu 2016. Zoyambitsa zidalipo zingapo, kuphatikizapo kukula kwa malonda a pa intaneti, koma mpanda udali utagwa kale pamene mphepoyo inkafika.

Afalansa sadalekere pomwepo. Masitolo a mabuku atatsekedwa mu 2020 chifukwa cha mliri wa Covid-19, anthu adadandaula kwambiri, ndipo mu February 2021 boma lidawaika m'gulu la malonda ofunika pa moyo, oyenera kukhala otsegula limodzi ndi ogulitsa zakudya. Mu 2023 apolisi a ku Paris adalamula kuti mabokosi obiriwira mazana angapo achotsedwe m'mbali mwa Seine pokonzekera mwambo wotsegulira masewero a Olympic a 2024. Eni mabokosi adakana, alembi ndi owerenga adaima nawo, ndipo mu February 2024 Pulezidenti Emmanuel Macron adagamula kuti mabokosiwo asasunthidwe. Masewero a dziko lonse lapansi adapatukira ogulitsa mabuku akale.

Kunena zoona, ngakhale ku Paris zinthu sizili bwino kotheratu. Mu 2021 masitolo anayi a Gibert Jeune pabwalo la Saint-Michel adatsekedwa chifukwa cha kuchepa kwa makasitomala. Ena mwa eni mabokosi obiriwira amapeza ndalama zambiri pa tinthu ta alendo kusiyana ndi pa mabuku. Pakhomo pa Shakespeare and Company pamakhala mzere wa anthu, ndipo ena mwa iwo amangofuna kujambulitsa chithunzi. Koma izi sizikupereka chipambano kwa otsutsa. Zikungotsimikiza kuti lamulo palokha silingasunge sitolo imene anthu asiya kulowamo ndi mtima wofuna kuwerenga. Mdani wamkulu wa sitolo ya mabuku ndi munthu uja woiyesa golosale.

Wophunzira wa ku Malawi asayese kuti nkhaniyi ndi ya kutsidya kwa nyanja kokha. Dziko lino lidaonapo mashelefu akupepetedwa ndi dzanja la boma. Lamulo la 1968 lidapatsa bungwe lounika mabuku ndi mafilimu mphamvu yoletsa chilichonse chimene silidakondwe nacho. Buku la ndakatulo la Jack Mapanje, Of Chameleons and Gods, limene lidasindikizidwa ku London mu 1981, lidachotsedwa m'masitolo ndi m'malaibulale mu 1985, ndipo mwini wake adakhala m'ndende ya Mikuyu kuyambira mu 1987 mpaka mu 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Amene adachita zimenezo ankadziwa bwino mphamvu ya buku limene munthu angakumane nalo mwangozi pashelefu. N'chamanyazi kuti ufulu umene ena adauvutikira chotero ufere m'manja mwa mbadwo umene palibe akuuletsa kuwerenga, koma wadziletsa wokha.

Ogulitsa mabuku akale amene amayala katundu wawo m'makonde a masitolo ku Blantyre, ku Limbe ndi ku Lilongwe alibe mabokosi obiriwira, ndipo palibe lamulo la Lang lowatchinjiriza. Komabe ntchito yawo ndi yomweyo. Pakati pa mabuku a masamu ong'ambika ndi mapepala a mayeso akale pamapezeka nthano za Chinua Achebe, mbiri ya dziko lakutali, kapena buku la Chichewa limene lidaleka kusindikizidwa kalekale. Wophunzira wanzeru adzaima pamenepo ngakhale alibe khobidi m'thumba. Adzanjuta, n'kutembenuza mabukuwo limodzilimodzi, n'kufunsa mtengo, ndipo tsiku limene adzapeze kangachepe adzagula limodzi limene silili pamndandanda wa mayeso a MSCE. Chitsime chimadziwika kuya kwake chikaphwa, ndipo amene akudutsa pamakondewo osacheuka ndi omwewo adzadandaule tsiku limene adzapezepo nsapato ndi mafoni okhaokha.